Ndemanga: Lamulo la mankhwala otsalira m'zokolola liyambire kusitolo, lisayambire padengu la mlimi

Alimi anzathu, aliyense amene adaimapo pa Lizulu, pa Jenda kapena pa Bvumbwe tsiku lamsika akumudziwa tomato uja wokhala ndi timadontho toyera ngati wawazidwa ufa. Ogula ena amachita kusankha dala tomato wotereyu poganiza kuti ndiye wosamalidwa bwino ndipo sawola msanga. Ife olima tikudziwa kuti zoyerazo ndi mankhwala oteteza ku chiwawu, kawirikawiri Dithane, amene apoperedwa dzulo kapena dzana, mwinanso tomatoyo atathyoledwa kale ali m'dengu. Tomato ameneyu amakwera lole usiku, m'mawa wafika ku Limbe kapena ku Wakawaka mu Lilongwe, ndipo pofika masana ali mumphika. Paulendo wonsewu palibe amene amafunsa kuti adapoperedwa chiyani komanso liti.

Ogula, azaumoyo ndi amalonda akhala akupempha kuti malamulo okhudza mankhwala otsalira m'zakudya akhwime. Mamembala athu ambiri akamva zimenezi amada nkhawa, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka. Tonse tidaona kuti lamulo likakhwima, woyamba kulandidwa katundu amakhala mayi wa dengu limodzi, pamene amene adalowetsa mankhwala oipawo m'dziko muno akugona tulo tabwino. Ife monga bungwe la alimi tikufuna kunena maganizo athu mosapsatira. Tikuvomereza kuti pakhale malire a mankhwala otsalira m'zokolola zonse, zopita kunja ndi zodyedwa konkuno, ndipo malirewo azitsatidwa. Koma tikuti ntchito yokhwimitsa lamuloli iyambire kuchipata cholowera m'dziko ndi kusitolo kumene mlimi amagula mankhwalawo, kenaka ifike kumunda, ndipo pamsika ifike pomaliza.

Kodi mankhwala otsalira ndi chiyani?

Tikapopera mbewu, mankhwala sathera tsiku lomwelo. Ena amakhala pamwamba pa tsamba kapena chipatso ndipo amatha pang'onopang'ono ndi dzuwa, mvula ndi mphepo. Ena, monga dimethoate, amalowa m'kati mwa mbewu n'kumayenda ndi madzi a m'mbewumo. Mankhwala olowa m'katiwa sachoka ngakhale mayi atatsuka mpiru kapena repu katatu. N'chifukwa chake botolo lililonse lovomerezeka limanena masiku amene mlimi ayenera kudikira kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lokolola. Ena ndi masiku 3, ena 7, ena 14 kapena kuposera apo, malinga ndi mtundu wa mankhwala komanso mbewu. Tikakolola masikuwo asanakwane, kapena tikathira mlingo woposa umene walembedwa, poizoni amapita nawo kumsika.

Mankhwala ambiri amene timagwiritsa ntchito, monga dimethoate, chlorpyrifos ndi dichlorvos, amapha tizilombo posokoneza mitsempha yake. Tsoka lake n'loti mitsempha ya munthu nayo imasokonezeka m'njira yomweyo. Akalowa ambiri nthawi imodzi, munthu amamva mutu, chizungulire, amasanza, amatuluka thukuta ndi malovu, amatsegula m'mimba ndipo amaona mwachimbuuzi. Zizindikiro zimenezi ambiri mwa ife tidazimvapo titapopera tsiku lonse opanda zodzitetezera, ndipo tidangoti ndi malungo. Chovuta kuona ndi poizoni wolowa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kudzera m'ndiwo. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. M'chaka cha 2020 maiko a mu European Union adaletsa chlorpyrifos, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali nkhawa yoti amasokoneza kakulidwe ka ubongo wa mwana.

Pofuna kuteteza odya, maiko amaika malire a kuchuluka kwa mankhwala amene angapezeke pa kilogalamu imodzi ya chakudya. Malire amene maiko ambiri amatsatira amachokera ku bungwe la Codex Alimentarius, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1963 ndi nthambi ziwiri za United Nations, ya chakudya ndi ulimi ya FAO ndi ya zaumoyo ya WHO. Dziko la Malawi ndi membala wa bungweli, ndipo amene amatilumikiza nalo ndi a Malawi Bureau of Standards. Mfundo imene tikufuna membala aliyense aimvetse ndi iyi: malirewa amawapeza poyesa mbewu zimene zapoperedwa molondola, pamlingo wolembedwa pabotolo, n'kukololedwa masiku odikira atakwana. Choncho mlimi amene ali ndi mankhwala enieni, malangizo omveka ndipo wawatsata, sayenera kuopa kuyezedwa kwa katundu wake. Amene amagwa ndi mlimi wogulitsidwa mankhwala osadziwika, opanda malangizo, ndipo palibe adamuuzapo za masiku odikira. Apa ndi pamene pagona dandaulo lathu lonse.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe

Anzathu a ku Kenya adazilawa zimenezi. Kwa zaka zambiri alimi ang'onoang'ono akumeneko akhala akulima zitheba ndi nsawawa zogulitsa ku Ulaya. Kumayambiriro kwa chaka cha 2013, a European Union ataona kuti katundu wina akupezeka ndi mankhwala opyola malire, makamaka dimethoate, adayamba kuyeza katundu 10 pa 100 aliyense wolowa kuchokera ku Kenya. Kuyezako kudachedwetsa katundu ndi kukweza ndalama zoyendetsera malonda. Makampani ena otumiza kunja adaona kuti n'kosavuta kuyang'anira esiteti imodzi yaikulu kusiyana ndi alimi mazanamazana, ndipo adasiya kugula kwa alimi ang'onoang'ono. Olakwa adali ochepa, koma nsomba ikawola imodzi zonse zawola.

Ku Nigeria kudali koipirapo. M'chaka cha 2015 a European Union adaletseratu nyemba zouma zochokera m'dzikolo chifukwa zimapezeka ndi dichlorvos, amene anthu ankathira posunga nyembazo kuti zisafumbwe. Malire ovomerezeka adali mamiligalamu 0.01 pa kilogalamu, koma katundu wina adapezeka ndi mamiligalamu 4.6, kutanthauza kupyola malire ka 460. Kuti timvetse kuchepa kwa 0.01, tinene kuti ndi galamu imodzi yokha ya mankhwala m'matumba 2,000 a makilogalamu 50. Umenewu ndi mlingo umene malamulo a ku Ulaya a m'chaka cha 2005 adaika pa mankhwala alionse amene sadapatsidwe malire akeake. Makina a m'malabotale amakono amaona ngakhale kadontho kotere.

Ifenso kuno tili ndi chipsera chathu. Akuluakulu akukumbukira nthawi imene mtedza wa Chalimbana unkapita wambiri ku Ulaya. Msika umenewu udagwa, ndipo chimodzi mwa zimene zidatitsekera khomo ndi chuku chimene chimatulutsa poizoni wa aflatoxin. Chuku si mankhwala opopera, koma phunziro lake ndi lomwelo. Zidatenga zaka zambiri, maphunziro, kusankha mtedza ndi kuyeza katundu kuti alimi a ku Mchinji ayambenso kutumiza mtedza ku Ulaya m'zaka za m'ma 2000. Msika umatayika m'nyengo imodzi koma kuubweza ndi ntchito ya zaka. Alimi a fodya nawonso akudziwa kuti ogula ali ndi mndandanda wa mankhwala ololedwa ndi oletsedwa, ndipo saseka nawo.

Pali funso limene tiyenera kudzifunsa monga mtundu. Tiyi, makademiya, fodya ndi mtedza zopita kunja zimasamalidwa chifukwa ogula akunja amayeza. Nanga kabichi wa ku Tsangano amene akudyedwa ku Ndirande, kapena tomato wa ku Bembeke amene akuphikidwa kusukulu yogonera komweko, amayezedwa ndi yani? Kodi mimba ya mwana wa ku London ndi yosiyana ndi ya mwana wa ku Mchesi? Katundu wokanidwa kunja sataidwa, amagulitsidwa konkuno. Tisaiwalenso kuti mlimi naye ndi wogula. Amene amalima tomato amagula nyemba, amene amalima nyemba amagula masamba, ndipo mwezi wa February tonse timakumana pamzere wogula chimanga chimene sitidziwa kuti chidasungidwa ndi chiyani.

Chimamukankhira mlimi n'chiyani?

Amene akukonza malamulo ayenera kumvetsa chifukwa chimene mlimi amapopera mopyola. Choyamba, tizilombo tachuluka ndipo tabwera tatsopano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 nankafumbwe wamkulu adalowa m'dziko muno kudzera kumpoto kuchokera ku Tanzania, ndipo adasintha kasungidwe kathu ka chimanga. M'nyengo ya 2016/2017 kudabwera mbozi za ntchemberezandonda zamtundu watsopano, ndipo mu December 2017 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha mbozizi. Alimi a tomato nawo akulimbana ndi mbozi ya Tuta absoluta imene imabisala m'kati mwa tsamba ndi chipatso momwe mankhwala ambiri safikamo. Mlimi akaona kuti wapopera koma mbozi sizikufa, amawonjezera mlingo, amasakaniza mitundu iwiri kapena itatu, ndipo amapopera kawiri pasabata. Potero tizilombo timazolowera mankhwalawo, ndalama zimatha, poizoni n'kuchuluka pambewu.

Chachiwiri ndi kumene timagula. Botolo la lita imodzi ndi lodula, ndipo mlimi wa dimba la mizere khumi safuna lita yonse. Amapita tsiku lamsika n'kugula mankhwala othiridwa m'kabotolo kachakumwa kapena omangidwa m'kapepala kapulasitiki. Palibe dzina, palibe mlingo, palibe masiku odikira, palibe tsiku lothera mphamvu. Wogulitsa amangoti "awa ndi amphamvu, thirani zitsekerero ziwiri". Mabotolo ena amene ali ndi malangizo adalowa mozemba kudzera m'njira zachidule za m'malire a dziko, ndipo malangizowo ali m'Chipwitikizi kapena m'Chiswahili. Ngakhale olembedwa m'Chingerezi, zilembo zake ndi zing'onozing'ono ndipo mlingo wake ndi wa pa hekitala, pamene ife timayeza ndi sipuleya ya kumsana.

Chachitatu ndi msika weniweniwo. Tomato akayamba kupsa amathyoledwa masiku angapo alionse, choncho mankhwala ofuna kudikira masabata awiri sagwirizana ndi nyengo yokolola. Mankhwala odikira masiku ochepa alipo, koma ndi odula ndipo kumudzi sapezeka. Komanso tsiku lokolola salisankha ndi mlimi. Venda amafika ndi galimoto ndi ndalama m'manja, sukulu ikufuna fizi, kunyumba kulibe sopo. Ukamuuza kuti ndapopera dzulo, bwerani sabata yamawa, iye amangopita padimba loyandikana nalo. Pamsika wathu tomato wodikira masiku ake ndi tomato wopoperedwa dzulo amagulidwa pamtengo umodzi, ndiye mlimi wosamala ndi amene amaluza.

Zimene tikupempha kuboma ndi ku Nyumba ya Malamulo

Lamulo loyang'anira mankhwala ophera tizilombo tili nalo kale. Lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2000 ndipo lidakonzedwanso m'chaka cha 2018. Ndi lamulo limeneli limene lidabala bungwe la Pesticides Control Board, limene ntchito yake ndi kulembetsa mankhwala ovomerezeka, kupereka ziphaso kwa oitanitsa ndi ogulitsa, ndi kuyendera malo ogulitsira. Malawi adalowanso m'mapangano a maiko onse a Stockholm ndi Rotterdam okhudza mankhwala oopsa. Papepala zinthu zilipo. Chikusowa ndi kuti zifike pamsika wa kumudzi. Choncho tikupempha zinthu zisanu ndi chimodzi.

Choyamba, boma lipatse a Pesticides Control Board ndalama, antchito ndi galimoto zokwanira kuti aziyendera zipata za m'malire ndi misika ya m'maboma onse nthawi ndi nthawi, osati kamodzi pachaka pamaso pa atolankhani. Mndandanda wa mankhwala ovomerezeka, oletsedwa komanso maina a masitolo okhala ndi ziphaso upachikidwe paofesi iliyonse ya zaulimi ya m'dera ndipo uziwerengedwa pawailesi za m'madera. Zimene zidachitika ku South Africa zitichenjeze. Mu October 2024 ana asanu ndi mmodzi a ku Naledi, mu Soweto, adamwalira ndi terbufos, mankhwala a kumunda amene ankagulitsidwa m'misewu ngati ophera makoswe. Kuno tameki tonse tikumudziwa, ndipo tikudziwa kuti amagulitsidwa moyandikana ndi mchere ndi usipa.

Chachiwiri, kampani iliyonse yofuna kugulitsa mankhwala m'dziko muno ikakamizidwe kulemba malangizo m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina zikuluzikulu monga Chitumbuka ndi Chiyao, m'zilembo zooneka, pamodzi ndi zithunzi za osatha kuwerenga. Mlingo ulembedwe molingana ndi sipuleya ya kumsana, ndipo nambala ya masiku odikira ikhale yaikulu pamaso pa botolo. Makampaniwa azilongedzanso mankhwala m'timabotolo ndi m'timapaketi ting'onoting'ono totsekedwa kufakitale, tamtengo umene mlimi wamng'ono angathe. Ngati feteleza, mbewu ndi sopo zimatheka kulongedzedwa pang'onopang'ono, mankhwala sangalephereke. Njira imeneyi ndi imene ingathetse malonda a m'timabotolo topanda dzina kuposa kuthamangitsana ndi apolisi.

Chachitatu, alangizi. M'madera ambiri mlangizi mmodzi ali ndi midzi yambiri yoti sangaimalize panjinga yakapalasa, choncho mlangizi weniweni wa mlimi wasanduka mnyamata wa kusitolo amene phindu lake limakula akagulitsa zambiri. Tikupempha kuti alangizi awonjezeredwe ndi kuphunzitsidwa za mankhwala atsopano, alimi otsogola apatsidwe maphunziro omwewo, ndipo zipatala za mbewu zimene zimachitika m'misika ya m'maboma ena zifalikire konse. Munthu asapatsidwe chiphaso chogulitsa mankhwala asanaphunzire ndi kukhoza mayeso, monga momwe zimakhalira ndi ogulitsa mankhwala a anthu.

Chachinayi, kuyeza. Mankhwala otsalira saoneka ndi maso, ndipo sitingalole kuti wogwira ntchito kukhonsolo azilanda katundu pongonunkhiza kapena kungoyang'ana. Pakhale dongosolo loti akatswiri azitenga zitsanzo za tomato, masamba, nyemba, chimanga ndi zipatso m'misika ikuluikulu n'kukaziyeza kulabotale yovomerezeka. Ndalama zoyezera zichokere m'thumba la boma ndi m'ziphaso zimene oitanitsa mankhwala amalipira, osati kwa mlimi. Katundu wochokera kunja amene wadzaza m'masitolo akuluakulu a m'tauni aziyezedwanso chimodzimodzi. Zotsatira zake zizilengezedwa poyera chaka chilichonse kuti tidziwe mbewu ndi madera amene ali ndi vuto. Malire enieniwo asindikizidwe m'chilankhulo chathu, ndipo akatswiri athu a ku Bvumbwe, Chitedze ndi Bunda athandizidwe kufufuza masiku odikira oyenera pa ndiwo zathu monga bonongwe, nkhwani ndi therere, zimene makampani akunja kawirikawiri saziyesa.

Chachisanu, chilango chitsate mwini kulakwa. Katundu akapezeka wopyola malire achotsedwe pamsika, pamenepo sitikutsutsa. Koma ofufuza asathere pomwepo. Afunse kuti mankhwalawo adagulidwa kuti, adawaitanitsa ndani, ndipo kodi adali ndi malangizo. Mlimi wopezeka koyamba achenjezedwe ndi kuphunzitsidwa pamodzi ndi kalabu yake. Wobwereza dala, komanso venda wowaza mankhwala pa katundu wokolola kale kuti aoneke bwino, ameneyo alangidwe. Chindapusa chilingane ndi kukula kwa bizinesi. Sichilungamo kuti kampani yoitanitsa makontena ndi mayi wogulitsa mulu wa tomato azilipira ndalama zofanana. Pakhalenso njira yochitira apilo imene mlimi angaifikire kuboma lake popanda kulemba loya.

Chachisanu ndi chimodzi, mankhwala oopsa kwambiri achotsedwe pamsika, koma mwadongosolo. Mlimi wopopera atavala malaya ong'ambika, wopanda magolovesi ndi chotseka kumphuno, sangagwiritse ntchito bwinobwino mankhwala amene ngakhale maiko olemera adawalephera. N'zomvetsa chisoni kuti mankhwala ena oletsedwa ku Ulaya amapangidwabe komweko n'kutumizidwa kuno ku Africa. Dziko la France lidaletsa mchitidwe umenewu kuyambira m'chaka cha 2022, ndipo boma lathu lili ndi ufulu wokana kulandira zimene eni ake adazikana. Komabe chiletso chisamabwere mwadzidzidzi pakati panyengo mbozi zili m'munda. Tidziwitsidwe nthawi ikadalipo, ena olowa m'malo mwake akhale atafika m'masitolo, ndipo nthumwi za alimi ang'onoang'ono, amayi ndi abambo, zikhale nawo pagome pamene zimenezi zikukambidwa.

Mbali yathu ife alimi

Sitingaloze chala boma lokha. Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho tiloleni tinene zowawa. Tikudziwa kuti ena mwa ife amasiya mizere iwiri yosapopera ya ndiwo zapakhomo, yotsalayo n'kuithira mankhwala mosasamala chifukwa ndi ya kumsika. Ngati sitingadyetse ana athu kabichi ameneyo, tilibe ufulu womugulitsa kwa ana a eni. Tikudziwanso kuti mankhwala olandira pangongole ya thonje kapena fodya amathera padimba la masamba. Mankhwala alionse adavomerezedwa pa mbewu zakezake, ndipo cypermethrin kapena ena alionse otsala kuthonje asamapite pampiru pokhapokha botolo litanena kuti ndi ololedwa pamasamba komanso masiku odikira ndi angati.

Tikupempha membala aliyense kuti azigula mankhwala m'sitolo yokhala ndi chiphaso, m'botolo lotsekedwa lokhala ndi malangizo. Ngati botolo ndi lodula, sonkhanani mukalabu mugule limodzi n'kusunga botololo ndi malangizo ake kwa mlembi. Ngati simutha kuwerenga, funsani mlangizi, mlimi wotsogola kapena mwana wasukulu. Safunsa adadya phula. Yenderani munda musanapopere kuti muone ngati tizilombo tafikadi poti n'kuwononga, chifukwa kupopera kongotsata kalendala kumapha ndi tizilombo tothandiza tomwe, monga njuchi. Thyolani zokhwima zonse kaye, mupopere pambuyo, kenaka muwerenge masiku. Pa zokolola zimene zathyoledwa kale pasagwere dontho lililonse la mankhwala a kumunda.

Njira zochepetsera mankhwala zilipo ndipo ambiri tikuzidziwa: kasinthasintha wa mbewu, kuzula ndi kukwirira mbewu zodwala, kuimika tomato pamitengo kuti mphepo izidutsa, kuthirira pansi osati pamasamba, kuphwanya mazira a mbozi ndi manja, ndi kuthira dothi kapena mchenga pamtima pa chimanga. Nimu ndi ombwe amathandiza, ngakhale kuti nawonso amafuna kusamala, makamaka ombwe amene amapha nsomba akalowa mumtsinje. Posunga chimanga ndi nyemba, gwiritsani ntchito mankhwala aufa okhawo amene adapangidwira ntchito yosungira, pamlingo wolembedwa, kapena matumba osalowa mpweya monga a PICS amene safuna mankhwala n'komwe. Mapiritsi ofukizira aja amatulutsa mpweya wakupha, ndi a anthu ophunzitsidwa okha, ndipo asamaikidwe m'matumba a m'nyumba yogona anthu.

Mabotolo otha atsukidwe katatu, madzi otsukirawo athiridwe m'sipuleya, kenaka botolo libooledwe kuti wina asadzalitole. Tisasungiremo mchere, madzi, thobwa kapena mafuta ophikira. Mu July 2013 ana 23 a pasukulu ina m'chigawo cha Bihar ku India adamwalira atadya chakudya chamasana chophikidwa ndi mafuta amene adasungidwa m'chigubu momwe mudali mankhwala a monocrotophos. Zigubu zotere zilipo m'makomo mwathu.

Chomaliza ndi kulemba. Kalabu iliyonse ikhale ndi kope limodzi lolembamo dzina la mlimi, mbewu, mankhwala, mlingo, tsiku lopopera ndi tsiku loyamba kukolola. Kope limeneli ndi mboni yathu tsiku limene oyeza adzafike. Ndi lomwelinso limene lingatitsegulire misika ya mahotela, sukulu, zipatala ndi masitolo akuluakulu, amene amakonda kunena kuti amaitanitsa ndiwo kunja chifukwa sadziwa momwe zathu zalimidwira. Kalabu imene yagwirizana masiku opopera ndi okolola ingathenso kuuza venda kuti kuno timagulitsa Lachiwiri ndi Lachisanu basi, ndipo sangakapeze wina woti amunyengerere kuseri. Mlimi payekha sangakane ndalama za venda, koma alimi makumi awiri ogwirizana angathe. Mutu umodzi susenza denga.

Tikupempha makalabu onse kuti nkhaniyi ikhale pamndandanda wa zokambirana pamsonkhano ukubwerawu. Lembani maina a mankhwala amene mukugwiritsa ntchito pa mbewu iliyonse, kumene mumawagula, ngati ali ndi malangizo ndiponso m'chilankhulo chanji, komanso kuti mlangizi adakuyenderani liti komaliza. Mafumu athu alemekezeke poitanidwa kumisonkhano imeneyi, chifukwa misika yambiri ili m'madera mwawo ndipo mawu awo amamveka. Alembi atumize zimene mwapeza kumakomiti a m'maboma, ndipo ife tidzazisonkhanitsa n'kukazitula ku Unduna wa Zamalimidwe, ku Pesticides Control Board, ku Malawi Bureau of Standards ndi kukomiti ya aphungu yoona zaulimi. Tikadzafika kumeneko tikufuna tidzakhale ndi makope a makalabu m'manja, kuti pamene tikuuza boma zoti likonze, tidzathenso kuonetsa zimene ife tayamba kale kukonza m'madimba mwathu.